Mmene Khomo la Uloya Lidatsekukira m'Dziko la Malaŵi

M'chaka cha 1902 boma la Mangalande lidakhazikitsa Bwalo Lalikulu la milandu m'dziko lino, lomwe masiku amenewo linkatchedwa British Central Africa, ndipo lidalamula kuti bwalolo lizigamula milandu potsata malamulo a ku Mangalande. Kuchokera chaka chimenecho padapita zaka 56 mbadwa ya dziko lino isanavale mkanjo wakuda n'kuimirira m'bwalomo ngati loya. Pa zaka zonsezo munthu wakuda ankalowa m'khoti ngati woimbidwa mlandu, mboni, mesinjala, kalaliki kapena wotanthauzira. Mawu a mlimi wa thonje wa ku Chigwa cha Shire ankayamba adutsa m'kamwa mwa wotanthauzira asanafike m'khutu la woweruza, ndipo akapotoka panjira padalibe wowawongola, pakuti maloya ochepa amene adalipo adali Azungu ndi Amwenye okhala m'tauni, omwe mtengo wawo mlimiyo sakadaukwanitsa.

Wina angaganize kuti kuchedwa kumeneku kudali kwa Africa yense, koma sizili choncho. Christopher Sapara Williams wa ku Nigeria adalandiridwa ngati loya ku London m'chaka cha 1879, ndipo John Mensah Sarbah wa ku Gold Coast, dziko lomwe lero ndi Ghana, adalandiridwa m'chaka cha 1887. Izi zikutanthauza kuti pamene Angerezi ankakweza mbendera yawo kuno m'chaka cha 1891, n'kuti anzathu a kumadzulo ali kale ndi maloya awoawo. Koma m'maiko atatu amene pambuyo pake adamangidwa pamodzi m'chitaganya, zinthu zidatsalira kwambiri. Herbert Chitepo adakhala loya woyamba wachikuda ku Southern Rhodesia m'chaka cha 1954. Mainza Chona wa ku Northern Rhodesia ndi a Orton Chirwa a kuno ku Nyasaland adalandiridwa onse m'chaka cha 1958.

Gwero loyamba la kuchedwaku lidali sukulu. Mamishoni a Livingstonia, Blantyre, Nkhoma ndi ena adaphunzitsa aphunzitsi, alaliki, makalaliki, akalipentala ndi othandiza m'zipatala, ndipo ntchito yawo siyoyenera kuinyoza. Komabe sukulu ya sekondale yoyamba, ya Blantyre, idatsekulidwa m'chaka cha 1940, ya Zomba Katolika m'chaka cha 1942, ndipo ya boma ku Dedza m'chaka cha 1951. Mwana wanzeru wofuna digiri ankayenera kuwoloka malire kupita ku Fort Hare m'dziko la South Africa kapena ku Makerere m'dziko la Uganda. Pamwamba pa izi padali mantha a atsamunda. Iwo adali ataona zomwe zidachitika ku India, kumene Gandhi, Nehru ndi Jinnah, onse atatu maloya ophunzira ku London, adasanduka minga m'phazi la ufumu wa Angerezi. N'chifukwa chake maboma a atsamunda a kummawa ndi pakati pa Africa ankaumira kupereka thandizo la ndalama kwa wofuna kuphunzira malamulo. Mphunzitsi, dokotala ndi mlangizi wa zaulimi ankaoneka ofunika ndiponso ofatsa, pamene loya ndi munthu amene ntchito yake ndi kufunsa mkulu wa boma kuti mphamvu imene akuigwiritsa ntchito waitenga m'ndime iti ya lamulo.

Tsono amene wadutsa zopinga zonsezi ankapeza kuti khomo lenileni lili ku London. Mumzindawo muli mabungwe anayi akalekale a maloya otchedwa Inns of Court, omwe ndi Lincoln's Inn, Gray's Inn, Inner Temple ndi Middle Temple. Kuti timvetse vuto limene lidabuka, tiyenera kudziwa kuti ku Mangalande uloya udagawidwa pawiri. Pali loya wotchedwa solicitor, amene amakhala mu ofesi, kukumana ndi anthu, kulemba mapangano a malo ndi a chuma chamasiye, ndi kusunga ndalama za amene akuwathandiza. Palinso barrister, amene ntchito yake yaikulu ndi kuyankhula pamaso pa jaji. Wofuna kukhala solicitor ankayenera kugwira ntchito pansi pa loya wina kwa zaka zingapo, kawirikawiri atalipira ndalama zambiri, ndipo sichidali chapafupi kuti mnyamata wachikuda apeze ofesi yomulandira. Choncho pafupifupi onse ochokera ku Africa ankatsata njira ya barrister, yomwe inkafuna zinthu ziwiri: kukhoza mayeso, ndi kudya chakudya chamadzulo m'holo ya bungwelo maulendo owerengedwa.

Ophunzira ambiri amaseka akamva za chakudyachi, komatu chidali ndi cholinga chake. Kalelo achinyamata ankaphunzira ntchito pomvetsera akuluakulu akukambirana milandu pa nthawi ya chakudya, monga momwe mnyamata wa kumudzi ankaphunzirira kuweruza pokhala chete pamphala. Kwa mwana wa Mngerezi mwambowu udali ndi phindu, pakuti akamaliza mayeso ankatsalira mu London momwemo n'kumaphunzira ntchito pambali pa barrister wamkulu. Mwana wa ku Africa ankakwera sitima yapamadzi kubwerera kwawo, kumene uloya sudagawidwe pawiri ndipo loya mmodzi ankasenza ntchito zonse. Ankafika atadziwa malamulo a Aroma ndi a malo a ku Mangalande, koma asanalembepo pangano logulitsa nyumba, asanaphunzire kusunga mabuku a ndalama za anthu, ndiponso asanamvepo mphunzitsi akutchula chikamwini, chitengwa, lobola kapena munda wa makolo, zomwe ndizo zinkadzetsa milandu yambiri kwawoko.

Moyo wa a Orton Ching'oli Chirwa ukutionetsa kutalika kwa ulendowu. Iwo adabadwa m'chaka cha 1919 m'boma la Nkhata Bay. Adakatenga digiri ku Fort Hare, ndipo atabwerako adaphunzitsa pa koleji ya aphunzitsi ya Domasi. Ife amene tidadya choko moyo wathu wonse timanyadirako ndithu kuti loya woyamba wa dziko lino adayamba waima kutsogolo kwa bolodi. Pamene ankalandiridwa ku Lincoln's Inn n'kuti ali ndi zaka 39. Sadakhalitse mu ofesi, pakuti pa 3 Malichi 1959 boma lidalengeza kuti dziko lili pangozi, lidaletsa chipani cha Nyasaland African Congress, ndipo iwo adali m'gulu la omangidwa. Atatulutsidwa adayambitsa chipani cha Malaŵi Congress m'mwezi wa Seputembala chaka chomwecho, Dr. Banda ali m'ndende ku Gwelo, ndipo adawapatsa utsogoleri Dr. Bandawo atatuluka m'chaka cha 1960. Zomwe atsamunda ankaopa zidachitikadi.

Pa nthawi yomweyo akuluakulu a zamalamulo ku London adazindikira kuti maiko a mu Africa ali pafupi kulandira ufulu alibe majaji ndi maloya awoawo okwanira. Kumapeto kwa 1959 ndi kumayambiriro kwa 1960 kudachitika msonkhano wokambirana za tsogolo la malamulo mu Africa, womwe wapampando wake adali jaji wotchuka, Lord Denning. M'chaka cha 1960 boma la Mangalande lidasankha komiti yofufuza za maphunziro a malamulo a ophunzira ochokera ku Africa, ndipo lidaika Denning yemweyo kuti aitsogolere. Lipoti la komitiyo lidatuluka m'chaka cha 1961. Lidavomereza poyera kuti maphunziro a ku Inns of Court pa okha sankamukonzekeretsa munthu kugwira ntchito ya uloya mu Africa. Lidalangiza kuti maikowa akhale ndi sukulu zawozawo zophunzitsa malamulo a m'dzikomo, kuti wophunzira ayambe watenga digiri pa yunivesite, kenaka aphunzire ntchito yeniyeni ya mu ofesi ndi ya m'khoti kwa chaka chimodzi, ndiponso kuti satifiketi ya ku London isakhale yokwanira pa yokha.

Malangizowa adatsatidwa mwachangu. M'mwezi wa Okutobala 1961 koleji ya ku Dar es Salaam idayamba kuphunzitsa malamulo ndi ophunzira 14 okha, mmodzi mwa iwo wamkazi, Julie Manning. M'chaka cha 1963 ku Lagos kudatsekulidwa sukulu yophunzitsa ntchito ya uloya kwa omaliza digiri, ndipo maiko ena adachitanso chimodzimodzi. Palibe kafukufuku wina amene adasintha maphunziro a malamulo m'maiko a mu Africa olamulidwa ndi Angerezi kuposa ameneyu. Komabe tiyenera kuona malire ake. Funso limene komitiyo idapatsidwa lidali la luso, loti loya wophunzira kunja angakonzedwe bwanji kuti aithe ntchito kwawo. Funso loti ndi mwana wa yani amene adzafike pa sukulu zatsopanozo, ndiponso loti ndi anthu ati amene loyayo adzawaimirire, lidatsalira eni maikowo.

Kuno kwathu chiyambi chidali ku Mpemba, kunja kwa mzinda wa Blantyre, pa sukulu yophunzitsa ogwira ntchito m'boma ya Institute of Public Administration. Kumeneko n'kumene kunkasulidwa amajisitireti opanda digiri ndi ogwira ntchito m'makhoti ang'onoang'ono otchedwa Local Courts, omwe adakhazikitsidwa m'chaka cha 1962 m'malo mwa makhoti a mafumu a nthawi ya atsamunda, a Chirwa ali patsogolo pa ntchitoyo. M'chaka cha 1965 Nyumba ya Malamulo idapanga lamulo loona za maphunziro a malamulo ndi ntchito ya maloya, ndipo chaka chomwecho Yunivesite ya Malaŵi idalandira ophunzira ake oyamba ku Chichiri. Sukulu ya Mpemba idakhala nthambi ya yunivesiteyo n'kuyamba kuphunzitsa digiri ya malamulo, ndipo m'chaka cha 1973 idasamukira ku Chirunga mumzinda wa Zomba pamene idaphatikizidwa ndi Chancellor College. Khomo lomwe lidali ku London tsopano lidafika patsinde pa phiri la Zomba.

Lidafika, koma lidali lopapatiza. Kwa zaka zambirimbiri sukulu imodzi yokhayi ndiyo inkasula maloya a dziko lonse, ndipo chaka chilichonse inkalandira kagulu kochepa. Tiyeni tiwerenge masefa amene mwana wa kumudzi ankayenera kudutsamo. Padali mayeso a Sitandade 8, pomwe ochepa okha mwa okhoza ndiwo ankasankhidwira ku sekondale. Padali mayeso a Fomu 2, a Fomu 4, ndi chisankho cha ku yunivesite. Atafika ku yunivesiteko sankalowa m'kalasi ya malamulo nthawi yomweyo ayi, koma ankayamba waphunzira maphunziro ena, akhoze bwino, kenaka apikisanenso ndi anzake polimbirana malo ochepawo. Sefa iliyonse inkayesa Chingerezi koposa china chilichonse. Aphunzitsi amene tidaphunzitsa m'sukulu za kumidzi tikudziwa ana amene ankatha kusanthula nkhani mwakuya, ana oti akayankhula pa mtsutso wa m'Chichewa kalasi yonse inkakhala duu, koma adatsakamira pa sefa yoyamba kaamba kosowa fizi, mabuku kapena nyali yowerengera. Atsikana ndiwo ankatsakamira ambiri. Tikamayamikira wophunzira amene wapambana, tizikumbukira kuti mayeso amayesa okhawo amene afika m'chipinda cholembera.

Ngakhale zidali choncho zipatso zidaoneka, ngakhale mochedwa. Dziko lidakhala zaka 21 lili pa ufulu lisanakhale ndi Jaji Wamkulu wachimalaŵi, kufikira a Friday Makuta adalandira udindowo m'chaka cha 1985. Mayi Anastasia Msosa, omwe adaphunzira malamulo pa yunivesite yathu yomweyi, adakhala mayi woyamba kukhala jaji wa Bwalo Lalikulu, adatsogolera bungwe loyendetsa chisankho cha 1994, ndipo m'chaka cha 2013 adakhala Jaji Wamkulu.

Koma mbiriyi ili ndi mbali ina yowawa, imene komiti ya Denning sikadailota. Pamene khomo la sukulu linkatsekuka, khomo la khoti linkatsekedwa. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu ambiri adaphedwa usiku modabwitsa ku Chilobwe ndi madera ena a mu Blantyre, ndipo mphekesera zidawanda. Bwalo Lalikulu litamasula ena oganiziridwa chifukwa chosowa umboni wokwanira, boma lidakwiya n'kunena kuti malamulo achizungu akupulumutsa zigawenga. M'chaka cha 1969 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la makhoti ang'onoang'ono aja. Adayamba kutchedwa Traditional Courts, kapena kuti makhoti amiyambo, ndipo padakhazikitsidwa khoti lalikulu lamiyambo m'chigawo chilichonse ndi lina la apilo la dziko lonse. Makhotiwa, momwe ambiri mwa oweruza adali mafumu, adapatsidwa mphamvu yozenga milandu yakupha, pambuyo pake ngakhale youkira boma, ndi kupereka chilango cha imfa. Woimbidwa mlandu sankaloledwa kubwera ndi loya. Majaji achizungu a Bwalo Lalikulu adatula pansi maudindo awo posagwirizana nazo.

Taganizirani tsono za mnyamata amene wavala mkanjo wa digiri ku Zomba m'zaka zimenezo. Ankaloledwa kuimirira kampani pa mlandu wa ngongole, kapena mwini galimoto pa mlandu wa ngozi, koma pamene moyo wa munthu udali pa chingwe iye ankatsalira kunja. Boma linkati kumeneku n'kubwerera ku chikhalidwe chathu, koma aliyense wokulira kumudzi akudziwa kuti pabwalo la mfumu munthu saima yekha. Pa mlandu wa banja pamakhala ankhoswe, pa mlandu wa mwana pamaima amalume ake, ndipo wosadziwa kuyankhula amatsamira pa mbale wake wodziwa kuyala nkhani. Chinanso, bwalo la makolo linkafunafuna kuyanjanitsa anthu oti mawa adzakumananso pamaliro ndi pachitsime. Kumuimika munthu yekhayekha pamaso pa oweruza osankhidwa ndi boma, boma lomwelo lili lomuimba mlandu, sudali mwambo wa mtundu uliwonse wa m'dziko lino.

Amene adalawa kuwawa kwa lamuloli mwapadera ndi a Chirwa omwe aja. Iwo adali nduna ya zachilungamo pamene dziko linkalandira ufulu, koma adachotsedwa pa mkangano wa nduna wa mu Seputembala 1964 ndipo adathawira ku Tanzania. Akazi awo, mayi Vera Chirwa, adalandiridwa ku Lincoln's Inn m'chaka cha 1966 n'kukhala loya woyamba wamkazi wa dziko lino, koma uloya wawo adaugwirira kunja, ku Tanzania ndi pa Yunivesite ya Zambia kumene ankaphunzitsa malamulo. Pa 24 Disembala 1981 awiriwa adagwidwa pamodzi ndi mwana wawo. Boma lidati adawagwirira mkati mwa Malaŵi, pamene iwo adanenetsa kuti adachita kubedwa m'dziko la Zambia. Mlandu woukira boma udazengedwa m'khoti lamiyambo la m'Chigawo cha Kummwera ku Soche kuyambira m'chaka cha 1982. Maloya awiri oyamba a dziko lino, wamwamuna ndi wamkazi, adakanizidwa loya ndipo adadziyankhulira okha, m'khoti lomwe mizu yake idali makhoti amene a Chirwawo adathandiza kukhazikitsa zaka 20 m'mbuyomo. M'mwezi wa Meyi 1983 adagamulidwa kuti anyongedwe. Maiko akunja ndi mipingo atadandaula, chilangocho chidasinthidwa m'chaka cha 1984 kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton Chirwa adamwalirira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo mayi Vera adatulutsidwa pa 24 Januwale 1993.

Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itadutsa, makhoti akuluakulu amiyambo adaimitsidwa, ndipo malamulo oyendetsera dziko a 1994 adalemba m'gawo 42 kuti woimbidwa mlandu ali ndi ufulu woimiridwa ndi loya amene wamusankha, komanso kuti pamene chilungamo chikufuna kutero boma limulipirire loyayo. Apa m'pamene kuchepa kwa maloya kudaonekera poyera. Milandu yonse yakupha idabwerera ku Bwalo Lalikulu, ndipo anthu ankakhala pa rimandi zaka ndi zaka kudikira tsiku lawo. Maloya ambiri adali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kumene kuli makampani ndi mabanki otha kulipira. Sitingawadzudzule kwambiri, pakuti nawonso ali ndi abale owayang'ana, koma zotsatira zake zidagwera mphawi.

Mankhwala adafunidwa mbali ziwiri. Mbali imodzi idali yokuza khomo. Mayunivesite ena omwe si aboma adayamba kuphunzitsa malamulo, ndipo lamulo latsopano la m'chaka cha 2018 lidakhazikitsa sukulu ya Malawi Institute of Legal Education, yophunzitsa ntchito yeniyeni ya uloya ndi kulembetsa mayeso olowera ntchitoyo. Motero sukulu ya mtundu umene Denning adalangiza m'chaka cha 1961 idafika kuno patapita zaka 57, ndipo kwa wophunzira wosauka idabwera ndi fizi yakenso. Mbali inayo idali yosula anthu odziwa malamulo koma osakhala maloya, otchedwa maparaligo. Kuyambira m'chaka cha 2000 anthu otere adayamba kulowa m'ndende, kuphunzitsa a pa rimandi mmene angapemphere belo, kufufuza mafayilo osochera ndi kulondola abale ndi mboni kumidzi. Ntchito yawo idatchuka mpaka maiko ena adabwera kudzaphunzirako. M'chaka cha 2015 bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu la Legal Aid Bureau lidayamba kugwira ntchito palokha.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 bungweli lidapempha kuti maparaligo ake aziloledwa kuyankhulira anthu m'makhoti a majisitireti, ndipo bungwe la maloya la Malawi Law Society lidatsutsa. Maloyawo adati ufulu wa munthu suyenera kuikidwa m'manja mwa wophunzira mwatheka, ndipo mphawi nayenso ayenera loya weniweni. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo ikufanana ndi nkhawa imene komiti ya Denning idali nayo. Ofuna kusinthaku adayankha poloza khoti la majisitireti la kuboma lakutali monga Chitipa kapena Nsanje, kumene milandu yambiri ya anthu wamba imathera. M'khoti lotero kawirikawiri woweruza ndi majisitireti wopanda digiri ya malamulo, woimira boma ndi wapolisi amene adaphunzira zozenga milandu kwa miyezi yowerengeka, ndipo m'bokosi mumaima woganiziridwa kuti waba mbuzi, yemwe mwa atatuwo ndiye yekha amene sadaphunzirepo lamulo ngakhale tsiku limodzi.